Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Makolo ndi Ana, pa Sukulu ya Chifalansa ku Ottawa

 Ndiyambe ndi eni nthaka: pamene tasonkhana pano ndi dziko la mtundu wa Algonquin, anthu amene analipo mzinda wa Ottawa usanamangidwe. Ulemu ukhale kwa iwo.

Mayi mphunzitsi wamkulu wa sukulu ino, amene mwatitsekulira holo pa Loweruka lanu lopuma. Bambo woimira makolo m'bodi yoyendetsa sukulu za boma za Chifalansa m'dera lino. Aphunzitsi nonse, osaiwala inu osesa makalasi ndi inu oyendetsa mabasi achikasu m'mamawa kukuzizira. Wapampando wa Amalawi okhala ku Ottawa ndi kutsidya ku Gatineau pamodzi ndi komiti yanu. Akuluakulu a abale athu a ku Congo, ku Burundi ndi ku Rwanda amene munadzera ku Dzaleka. Abusa, bambo mfumu, a shehe. Agogo amene mwabwera kudzaona adzukulu. Amayi amene mwakhala pamoto chiyambire mbandakucha, fungo la ntchito yanu latipeza kuno kutsogolo. Achinyamata amene mwabisala kumbuyoko ndi mafoni anu, ndakuonani. Ndi inu ana, eni ake a tsikuli. Amene ndamulumpha andikhululukire, asapite nazo kunyumba.

Ndilankhula Chichewa chifukwa ndicho chimatimanga pamodzi m'chipinda chino, wa ku Mulanje ndi wa ku Bukavu amene anakulira ku Dowa. Mtsikana wathu ali apoyo akumasulira m'Chifalansa kuti eni sukulu amve. Muombereni m'manja, ndi chipatso cha makalasi omwe ano.

Pa 25 Sepitembala ana anu anabwera kusukulu atavala zobiriwira ndi zoyera, ndipo bambo wina anandifunsa kuti kodi imeneyi ndi timu yanji ya mpira. Bambo, si timu ayi. Ndi mitundu ya mbendera ya anthu olankhula Chifalansa m'chigawo cha Ontario, imene inakwezedwa koyamba ku Sudbury m'chaka cha 1975. Anthu amenewa ndi oposa 600,000, koma m'chigawo cha anthu mamiliyoni ochuluka olankhula Chingerezi iwo ndi kagulu kochepa. Sukulu imene mwakhalamoyi sanachite kupatsidwa ngati mphatso. Anailimbirana, ndipo ndikufuna mudziwe mmene anailimbiranira, chifukwa munthu sasamala chinthu chimene sakudziwa mtengo wake.

M'chaka cha 1912 boma la Ontario linatulutsa lamulo lotchedwa Regulation 17. Lamulolo linati mwana aziphunzitsidwa m'Chifalansa zaka ziwiri zoyambirira za pulayimale basi, kenaka zonse zikhale m'Chingerezi. Mphunzitsi wokana ankalandidwa satifiketi, sukulu yokana inkamanidwa ndalama za boma. Makolo sanagonje. M'chaka chotsatira, 1913, anayambitsa nyuzipepala ya Le Droit mumzinda uno kuti izitsutsa lamulolo. Ndipo pa msewu wa Murray, pafupi ndi msika wa ByWard kumene ambiri a inu mumadutsa, panali sukulu ya anyamata yotchedwa Guigues. Aphunzitsi awiri apachibale, Béatrice ndi Diane Desloges, analetsedwa kulowamo chifukwa chopitiriza kuphunzitsa m'Chifalansa. Mu Januwale 1916, chisanu chili pachimake, amayi a ana aja anawabwezera aphunzitsiwo m'kalasi n'kuima pakhomo. Apolisi atabwera, amayiwo anazula mapini aataliatali amene ankabayira zipewa zawo kutsitsi, n'kuwaloza nawo. Apolisi anabwerera. Amayiwo anakhala akulondera sukuluyo usana ndi usiku, kusinthanasinthana, kuti ana awo amve masamu m'chilankhulo cha kunyumba.

Amayi muli muno, mwamva? Sanali maloya kapena aphungu a nyumba ya malamulo. Anali amayi a m'makwalala a anthu osauka, ngati ife tomwe, okhala ndi mapoto pamoto ndi makanda olira. Nthungululu zija zili kuti?

Lamulo la Regulation 17 lija linasiya kugwiritsidwa ntchito mu 1927, koma nkhondo siinathere pomwepo. Sukulu za sekondale za Chifalansa zolipiridwa ndi boma zinaloledwa mu 1968. Ku Penetanguishene, mu 1979, makolo atakanizidwa sekondale yawo anatsekula yawoyawo m'nyumba imene kale inali positi ofesi, mpaka boma linamanga sukulu ya Le Caron. Mu 1982 dziko la Canada linaika ufulu wophunzitsa ana m'Chifalansa m'malamulo ake aakulu, m'gawo 23 la Charter of Rights and Freedoms. Mu 1990, pa mlandu wa bambo Mahé ndi makolo anzawo a ku Edmonton, khoti lalikulu koposa m'dziko lino linagamula kuti kupatsa anthu makalasi n'kosakwanira, eni chilankhulo ayenera kuyendetsa okha sukulu zawo. Ndiye mu 1998 Ontario inakhazikitsa mabodi 12 a sukulu za Chifalansa, 4 osatsamira mpingo ndi 8 a Chikatolika, onse olipiridwa ndi msonkho. Lero ana oposa 100,000 akuphunzira m'sukulu zimenezi popanda fizi. Pamenepa boma tiliyamikire, ndipo tiliyamikirenso kuti mu 2016 nduna yaikulu ya chigawo, mayi Kathleen Wynne, anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kupepesa chifukwa cha Regulation 17. Linachedwa ndi zaka zoposa 100, koma linapepesa.

Ife a ku Malawi nkhani yotereyi si yachilendo m'makutu mwathu. Abale athu a kumpoto akukumbukira chaka cha 1968, pamene Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. Ambiri a ife tinaonapo mwana akulangidwa chifukwa cholankhula chilankhulo cha amayi ake pabwalo la sukulu. Ululu umenewo timaudziwa, ndiye tisakhale ngati alendo ongoonerera pamene anansi athu akuteteza chawo.

Tsopano mundilole ndikudzudzuleni pang'ono, poti ndine wamkulu wanu.

Makolo ena mukusokoneza zinthu ziwiri. Pali pulogalamu ya French immersion, imene ili m'sukulu za mabodi a Chingerezi. Imeneyo ndi yabwino, ndipo inakonzedwera mwana wa m'banja la Chingerezi amene akufuna kuphunzira Chifalansa ngati chilankhulo chachiwiri. Sukulu ino ndi ina. Muno belu likalira zolengeza zimakhala m'Chifalansa, masewera m'Chifalansa, kalata yopita kwa makolo m'Chifalansa, msonkhano wa bodi m'Chifalansa. Inu a ku Uvira ndi a ku Bujumbura amene munaphunzira m'Chifalansa, inu amene mumapemphera ndi kukangana m'Chifalansa kunyumba, malo a mwana wanu ndi ano. Ndamva ena akunena kuti, "Ife sitinakhale nzika, satilandira." Ndi zoona kuti gawo 23 limanena za nzika za Canada. Koma bodi iliyonse ili ndi komiti yolandira ana a makolo amene ufuluwo sanaupeze, ndipo kuyambira 2009 boma la Ontario limawerenga monga wolankhula Chifalansa ngakhale munthu amene anayamwa Chiswahili kapena Kirundi, bola akuchidziwa Chifalansa ndipo amachilankhula pakhomo. Kwa mwana wongofika kumene kuli pulogalamu ya PANA, ndipo kwa amene Chifalansa chake n'chofooka kuli ya ALF. Gogodani kaye musanadziweruze nokha.

Ena mumaopa kuti mwana adzasowa Chingerezi. Mu Ottawa muno? Chingerezi chili pa TV, m'basi, m'sitolo, m'foni imene mwanayo amagona nayo. Mudzachita kumuletsa. Ndipo muno chimaphunzitsidwa ngati phunziro mwana akafika m'makalasi apamwamba a pulayimale. Chimene chimafota chikasiyidwa ndi Chifalansa. Pitani mukaone ntchito zimene boma la dziko lino limalengeza mumzinda uno, muwerenge kuti ndi zingati zikufuna zilankhulo zonse ziwiri.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Mwana waphunzira muno kuyambira ali kamwana mpaka giredi 8, ndiye pofika ku sekondale makolo mukumusamutsira ku sukulu ya Chingerezi chifukwa anzake apita komweko, kapena chifukwa ili pafupi ndi nyumba. Mvetsani mmene gawo 23 lija linalembedwera. Limati ufuluwu umagwira ntchito pamene chiwerengero cha ana chikukwanira. Mwana wanu ndi mmodzi mwa owerengedwawo. Akachoka, si mpando umodzi wokha umene watsala wopanda munthu: ndalama za sukulu zimatsika, maphunziro ena amatsekedwa, ndipo bodi ikapempha sukulu yatsopano kudera kumene mabasi amayenda mtunda wautali, boma limayang'ana manambala omwewo. Lamulo lomwelo limatinso nzika imene inaphunzira pulayimale m'Chifalansa m'dziko lino ili ndi ufulu wotumiza ana ake ku sukulu ya Chifalansa, ndipo mwana mmodzi akaphunzira muno, abale ake onse khomo lawatsekukira. Choncho fomu imene mukusayina lero ikufika mpaka kwa adzukulu anu. M'mera mpoyamba, abale anga.

Abambo, ndili nanu mawu. Pa msonkhano wa makolo ndimaona amayi okhaokha, koma kukakhala mpira pa TV mumakwana nonse osasowa ndi mmodzi yemwe. Sukulu iliyonse ili ndi khonsolo ya makolo, ndipo mipando ilipo. Oimira makolo m'bodi amasankhidwa tsiku limodzi ndi makhansala a mzinda, zaka zinayi zilizonse. Inu amene mwalandira unzika ndipo muli ndi ufulu wa gawo 23, kaonetsetseni kuti munalembedwa ngati othandiza sukulu za Chifalansa, chifukwa mukangokhala chete amakuikani kumbali ya Chingerezi, ndipo voti yanu imapita kwina. Ndikufuna tsiku lina ndidzaone mwana wa ku Dzaleka atakhala m'bodi imeneyo.

Ndipo kunyumba musasiye Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chiswahili, Kinyarwanda. Mwana akaimbira foni agogo ake ku Ntcheu kapena ku Goma asamafune womasulira. Aphunzitsi ano sadzakudzudzulani pa zimenezo, chifukwa makolo awo anavutikira chinthu chomwecho.

Mayi mphunzitsi wamkulu andiuza kuti mafomu olembetsera ana ali pa tebulo la pafupi ndi khomo, ndipo pali mphunzitsi wolankhula Chiswahili woti akuthandizeni kudzaza. Dzerani pamenepo musanapite ku mzere wa nsima. Tsopano mkulu wa mwambo, itanani ana athu mmodzimmodzi adzalandire mphoto zawo, ndipo makolo ake a mwana aliyense aimirire kuti tiwaone.