Musanasankhe sukulu ya udokotala, yang'anani kaye mapu

 Andipempha kuti ndilankhule ndi anzathu amene muli pabanja, muli ndi ana, koma mtima wofuna udokotala sunakuthereni. Ine ndinayamba sukulu imeneyi kuno ku UK mwana wanga wachiwiri akadali kuyamwa, ndiye ndikuuzani zimene ndinaziona ndi maso anga.

Ambirife tikamasankha timafunsa kuti sukulu yotchuka ndi iti. Funso limenelo asiyireni achinyamata a zaka 18. Inu funsani kuti: kodi zipatala zimene mudzanditumizeko zili kuti? Poyamba mumakhala kwambiri m'kalasi, koma kenako nthawi yambiri imathera m'mawodi, ndipo zipatalazo si zonse zili mumzinda momwe muli sukuluyo. Hull York imatumiza ophunzira ena ku Grimsby, Scunthorpe ndi Scarborough. Exeter ena imawatumiza ku Truro, kutali ku Cornwall. Sikuti ndi zoipa ayi. Koma ngati kuwodi akukufunani 8 koloko ndipo kunazale amatsegula 7:30, mtunda umenewo ndi umene udzayendetse banja lanu.

Ine sindinafunse. Chaka chachitatu ananditumiza kuchipatala cha ulendo wa maola awiri pa sitima, kwa milungu 8. Bambo a kunyumba, amene amagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba, ankafika ine ndikutuluka. Tinkapatsirana mwana pakhomo ngati katundu, moni womwe wochita kupatsana pothamanga. Kuno mukudziwa, kulibe agogo kapena alamu oti n'kuwaitana kuti adzakhale nanu mwezi umodzi. Ndinadzamva mochedwa kuti ndikanalemba kalata poyambirira, akanandiganizira chipatala chapafupi. Choncho tsiku lokaona sukulu, funsani ngati makolo amawaganizira pogawa zipatala, ngati ndandanda imatuluka nthawi idakalipo, komanso zimene zimachitika mwana akadwala inu n'kujomba. Mukatero, pemphani kulankhula ndi wophunzira amene ali ndi ana. Iyeyo sangakunamizeni.

Tsopano za ndalama. Amene muli ndi digiri kale mutha kulowa kosi ya zaka 4, monga ya ku Warwick kapena Swansea. Imakupulumutsani chaka chimodzi, koma ndi yothina, ndipo tchuthi chake sichifanana kutalika ndi cha ana kusukulu. Kwa okhala ku England, thandizo la NHS Bursary limayamba chaka chachiwiri pa kosi ya zaka 4, pomwe pa kosi ya zaka 5 limayamba chaka chachisanu. Palinso Childcare Grant, imene imatha kulipira mpaka 85 peresenti ya ndalama zosamalira ana. Koma zonsezi ndi za amene mapepala awo okhalira m'dziko muno ali bwino moti amawerengedwa ngati ophunzira a konkuno. Ngati simunafike pamenepo, fizi imapitirira £30,000 pachaka, ndipo ine ndingati dikirani kaye mapepalawo.

Chondilimbitsa mtima n'chakuti mukamaliza, pogawa malo a zaka ziwiri za Foundation, kholo lokhala ndi mwana wosakwana zaka 18 limatha kupempha kuti lisasunthidwe m'dera lake. Mafomu a UCAS a udokotala amatseka pa 15 October, ndipo mumasankha sukulu zinayi zokha. Musanalembe ngakhale imodzi, khalani pansi ndi amuna anu kapena akazi anu, mapu ali patebulo. Amene muli ndi mafunso mundipeza kumbuyoko nthawi ya tiyi.