KUNYAMULA BOKOSI LA KATUNDU PA DENGA LA GALIMOTO

Mawu ali m'munsiwa ndi amene mkulu wodziwa za makina anakamba kwa oyendetsa galimoto ndi aphunzitsi pa msonkhano wawo. Asindikizidwa pano kuti anthu a kumidzi nawonso amve.

Masiku ano galimoto zambiri zimachokera ku fakitale zili ndi kaliyala pa denga, ndipo anthu ena amagula bokosi lotsekeka kuti amangirire pamenepo. Chinthu chimenechi n'chothandiza pa ulendo wa banja lalikulu, koma chikamangidwa mosasamala chimabweretsa maliro. Bokosi likazuka galimoto ili paliwiro, limagwera munthu wa panjinga kapena ana oyenda m'mbali mwa msewu, amene sanalakwe kanthu.

Choyamba, mwini galimoto awerenge buku la galimoto yake, pakuti safunsa anadya phula. M'bukumo analemba kulemera kumene denga lingathe kusenza. Galimoto zambiri zazing'ono zimaloledwa makilogalamu 75, zina 50, zina 100. Muyeso umenewu suli wa katundu yekha ayi. Zitsulo zopingasa ndi bokosi lenilenilo zimawerengedwanso momwemo.

Tsono masamu ake ndi awa. Ngati denga liloledwa makilogalamu 75, zitsulo zilemera 5 ndipo bokosi lopanda kanthu lilemera 15, otsala ndi makilogalamu 55 basi. Aliyense akudziwa kuti thumba la chimanga ndi makilogalamu 50. Kotero thumba limodzi latsala pang'ono kumaliza muyeso wonse, ndipo matumba awiri ndi ngozi ndithu. Bokosi nalonso lili ndi muyeso wake, ndipo pa miyeso iwiriyi wotsatidwa ndi wocheperawo.

Chachiwiri ndi kamangidwe. Zitsulo ziwiri zimene zimagona m'litali mwa denga si zokhazikapo bokosi. Pafunika zitsulo zina ziwiri zopingasa, zoyenerana ndi galimotoyo, zotalikirana monga wopanga bokosi analamulira. Bokosi likhale pakati, mphuno yake yopyapyala iloze kutsogolo, ndipo zomangira zonse zinayi zigwire zolimba. Atatha kumanga, munthu aligwedeze ndi manja. Likagwedera palokha, ntchito sinathe. Ayesenso kutsegula chitseko cha kumbuyo kuti aone ngati sichigunda bokosi.

Chachitatu ndi kalongedzedwe. Zolemera monga ufa, zigubu za madzi ndi zitsulo zipite m'buti, pansi penipeni. Pamwamba ndi pa zopepuka: mabulangete, zovala, mapilo ndi neti. Chimene chalemerako chikhale pakati pa zitsulo zopingasa, ndipo zonse zimangidwe ndi malamba a m'katimo kuti zisathamangire kutsogolo pogwira mabuleki. Chivindikiro chisakakamizidwe. Chikakana kutsekeka, katundu wina atsitsidwe, kenaka bokosi likiyidwe. Abale akamawonjezera kamtolo aka ndi ako, woyendetsa akumbuke kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Chachinayi ndi kayendetsedwe. Mayi amene wasenza mtsuko wodzaza pamutu sathamanga, ndipo satembenuka modzidzimutsa. Galimoto ya katundu pa denga ilinso chimodzimodzi, chifukwa kulemera kwake kwakwera m'mwamba. Imapendama kwambiri pokhota, imachedwa kuima, ndipo mphepo yochokera m'mbali imaikankha. Oyenda m'mphepete mwa nyanja nthawi ya mwera, ndiponso otsika mapiri a ku Chikwawa kapena ku Chiweta, achepetse liwiro asanafike pokhota, ndipo asiye mpata waukulu pakati pa iwo ndi galimoto ya patsogolo.

Msewu wafumbi wa mabampu umagwedeza zomangira mpaka kumasuka. Chifukwa chake pa msewu wotere katundu achepe kuposa muyeso uja. Woyendetsa aime atayenda pang'ono kuti aonenso zomangira, ndipo achite chomwecho paliponse pamene wapumula. Mpweya wa m'matayala ukhale wolingana ndi umene buku lanena wa galimoto yodzaza.

Chachisanu, galimoto yatalika tsopano. Mwini wake ayese kutalika kwake kuchokera pansi mpaka pamwamba pa bokosi, alembe pa kapepala ndi kumata pafupi ndi chiwongolero. Nthambi za mango, zipata ndi madenga a magalaja zaswa mabokosi ambiri a anthu oiwala.

Ulendo ukatha, bokosi lichotsedwe ndi kusungidwa pamthunzi. Likatsala pa denga limalimbana ndi mphepo ndipo galimoto imamwa petulo wambiri pachabe.

Aphunzitsi akupemphedwa kuwerengera anzawo mawu amenewa, ndipo masamu a kulemera aja angathe kuwapatsa ana m'kalasi. Wokwera naye ali ndi ufulu wofunsa woyendetsa ngati katundu wamangidwa bwino, pakuti moyo uli m'galimotomo ndi wake.