Galu wa Pachithunzi Aziyamba ndi G

Mawu oyankhulidwa kwa makomiti a sukulu za mkombaphala, alezi ndi makolo



Masiku ano mlezi amene ali ndi foni ya intaneti amatha kupeza mapepala ophunzitsira zilembo, n'kukawasindikiza ku Namitambo, ku Mbulumbuzi kapena pa boma. Mapepalawo ndi okongola: chilembo pamwamba, chithunzi pansi, ndi timadontho toti mwana alondole ndi pensulo. Khama lotere n'loyamikika, makamaka pokumbukira kuti alezi ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, ndipo ndalama ya fotokope imachoka m'thumba mwawo. Komabe m'mapepalamo muli msampha.

Ambiri mwa iwo anakonzedwera ana oyankhula Chingerezi. Pansi pa chilembo cha D pamakhala galu, chifukwa m'Chingerezi dzina la galu limayamba ndi D. Mwana wa zaka zinayi wa kwa Kadewere kapena kwa Likoswe akayang'ana chithunzicho amati "galu", ndipo salakwa. Khutu lake likumva "ga", koma diso lake likuonetsedwa D. Pa F amapeza nsomba, pa C amapeza mphaka. Mwanayo amaloweza zilembo zonse mpaka kumapeto, makolo n'kuomba m'manja, koma mfundo yaikulu ya kuwerenga, yoti chilembo chimaimira liwu limene iye mwini amatulutsa pakamwa, imamudutsa.

Vutoli limakaonekera mu Sitandade 1. Kuyambira mu 2016, pamene boma linakhazikitsa National Reading Programme, mwana amaphunzira kuwerenga Chichewa kudzera m'maliwu a malembo ndi maphatikizo. Amene anazolowera kutchula a kuti "eyi", ndi i kuti "ayi", amalowa m'kalasi atasokonezeka kale, ndipo mphunzitsi wa gulu lalikulu sapeza mpata womuwongolera payekha.

Chichewa sichivutitsa woyamba kumene. Zilembo zisanu za a, e, i, o, u sizisinthasintha katchulidwe. Q ndi x zilibe ntchito m'mawu a Chichewa, ndipo c amayenda ndi h nthawi zonse. Choncho pepala labwino ndi lomwe chithunzi chake chimatchulidwa ndi dzina limene mwana amalimva pakhomo: bakha pa b, dengu pa d, fisi pa f, galu pa g, kalulu pa k, lichero pa l, nandolo pa n, tambala pa t. Nkhuku ndi mphaka zidikire kaye, pakuti "nkh" ndi "mph" n'zolemera kwa mwana wa msinkhu uwu. Zilembo zazing'ono zitsogole, popeza ndizo zadzaza m'mabuku. Ndipo b ndi d, zimene ana amazisokoneza kawirikawiri, zisaphunzitsidwe sabata imodzi.

Makolo ena amadandaula kuti mwana wosaimba zilembo m'Chingerezi ndiye kuti sakuphunzira, mwinanso n'kumusamutsira kwina. Nkhawa yawo ndi yomveka. Chingerezi chili ndi malo ake, ndipo mwana adzakumana nacho ku pulayimale. Koma amene wazindikira kuti g ndi a zimapanga "ga" wagwira luso limene adzalowe nalo m'chilankhulo china chilichonse.

Za ndalama nazo zisabisidwe. Kusindikizira mwana aliyense pepala lake tsiku ndi tsiku palibe komiti imene ingakwanitse, ndipo sikofunika. Gulu limodzi la mapepala pa sukulu n'lokwanira, likamatidwa pa makatoni ndi phala la ufa wa chinangwa, n'kusungidwa m'jumbo kutali ndi chiswe ndi mvula. Mwana aone chilembo papepala, achilondole ndi chala, kenako akachilembe pamchenga, achiumbe ndi dongo, kapena achiyale ndi njere za chimanga. Dzanja losazolowera pensulo limaphunzira bwino ndi zinthu zikuluzikulu.

Pempho kwa komiti iliyonse ndi lakuti isonkhanitse mapepala onse amene alezi akugwiritsa ntchito, iwayang'ane limodzilimodzi, ndi kuika padera aliwonse amene dzina la Chichewa la chithunzi chake silikuyamba ndi chilembo cholembedwacho. Mtengo wosindikizira mapepala atsopano ulembedwe ndi kukaperekedwa ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi pa msonkhano wake wotsatira. Pomwe chithunzi choyenera chasowa, wachinyamata wodziwa kujambula apatsidwe katoni ndi khala.