Kodi Likoma ndi Chizumulu Nza Yani?

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Area 43, Lilongwe.



Mphunzitsi wina anandifunsa kuti, "Bwanji Likoma ndi Chizumulu ziri za Malawi pamene madzi ozizinga ndi a Mozambique?" Yankho lace liri m'mbiri. Amishoni a UMCA anakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880, nayamba kumanga chalichi cacikuru ca Petro Woyera mu 1903. Pamene Angelezi ndi Apwitikizi anagawana nyanja mu 1954, anapangana kuti zilumba ziwirizi zikhalebe za Nyasaland.

Kumpoto nkhani njina. Tanzania imati malire ali pakati pa nyanja, ife timati ali m'gombe lao, monga linenera pangano la Angelezi ndi Ajeremani la 1890.

Milandu yotere iriponso kutali. Argentina imafuna zilumba za Falkland. Mu 2013 okhalamo anaponya voti: anthu 1,513 anasankha kukhalabe pansi pa Britain, atatu okha anakana. Koma Argentina sinavomereze votiyo. Anthu a ku Chagos sanafunsidwe nkomwe. Anangosamutsidwa kwao pakati pa 1968 ndi 1973.

Tsono aphunzitsi, pophunzitsa mapu musaonetse ana mizere yokha. Auzeni kuti pa cilumba pali asodzi, minda ya cinangwa ndi manda a makolo. Maboma akamakangana, eni ace a malowo ayenera kufunsidwa maganizo ao.