Bilu ya Kuchipatala: Kodi Tikulipira Chiyani?



Lero tikambirane za kapepala komwe timalandira tikatuluka m'chipinda cha dokotala. Ambiri a ife timangolipira n'kumadandaula panjira, osafunsa kuti mtengowo wafika bwanji pamenepo.

Tikudziwa kuti m'zipatala za boma monga ku Kawale, ku Area 25 ndi ku Bwaila, chithandizo cha anthu wamba n'chaulere. Koma mankhwala akasowa kapena mzere ukatalika, timathamangira ku zipatala zolipira: za mishoni monga Likuni, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, kapena timakiliniki ta m'makwalala a Biwi, Chinsapo ndi Area 23. Kumeneko ndiko timakumana ndi bilu.

Bilu siyambira kwa kalaliki wolandira ndalama ayi. Imayambira pa chiganizo cha dokotala. Akamatiyang'ana amayeza zinthu zitatu. Choyamba, matendawa ndi angati ndipo ndi aakulu bwanji? Chachiwiri, pakufunika kuyeza chiyani: magazi, mkodzo kapena kujambula? Chachitatu, moyo wa wodwalayu uli pa chiopsezo chotani? Ku America, kuyambira 2021, mtengo wa kuonana ndi dokotala umaikidwa potsata mfundo zitatu zomwezi, kapena nthawi imene dokotala wathera pa wodwala.

Titenge chitsanzo cha malungo. Mwana wa malungo wamba amabayidwa chala, akapezeka nawo amapatsidwa LA, mankhwala omwe tayamba kugwiritsa ntchito m'dziko muno mu 2007, n'kubwerera kunyumba. Koma mwana wokomoka amagonekedwa, amabayidwa jekeseni, mwina mpaka kuonjezeredwa magazi. Dzina la matenda ndi limodzi, koma mabilu sangafanane. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapereka nambala ku matenda alionse. M'ndondomeko yotchedwa ICD-10, malungo okhudza ubongo ndi B50.0, pamene malungo osalongosoledwa mtundu wake ndi B54. Nambala zotere zimathandiza mabungwe a inshuwaransi ya zaumoyo kudziwa chimene akulipira. Cholembedwa chikalakwika, bilu nayo ilakwika.

Zinandichitikira ine. Tsiku lina ndinapita ndi mdzukulu wanga pa kiliniki ina. Pa bilu panalembedwa diripi, chonsecho mwanayo anangolandira mapiritsi. Ndalama zomwe ndinali nazo zinali za ufa. Ndinapempha mwaulemu kuti tifanizire biluyo ndi zomwe dokotala analemba m'kabuku ka kuchipatala. Anaona kuti alakwitsa, nachotsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Tsono tichite chiyani?

1. Tizinyamula kabuku ka kuchipatala nthawi zonse, ndipo tione kuti dokotala walembamo matenda ndi mankhwala.

2. Asanayeze chilichonse tifunse kuti: "Kodi kuyezaku n'kofunika chifukwa chiyani, nanga n'ndalama zingati?"

3. Tipemphe bilu yolongosola chinthu chilichonse pachokha, komanso lisiti.

4. Kuyambira 2006 boma lakhala likuchita mapangano ndi zipatala zina za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa mwaulere. Tifunse ngati chipatala chomwe tapitako chili m'panganoli.

5. Tikaona chinyengo tiyambe ndi mkulu wa chipatalacho. Zikakanika, kuli bungwe la Medical Council of Malawi lomwe limayang'anira ntchito za madokotala.

Komabe ufulu umayenda ndi udindo. Kufunsa si kunyoza dokotala, ndipo si kukana chithandizo. Kholo lokana kuyezetsa mwana pofuna kusunga ndalama likhoza kudzagula bokosi. Ndiponso tisamuumirize dokotala kulemba matenda ena kuti MASM ilipire, kapena kubwereka khadi la mnzathu. Kumeneko ndi kuba, ndipo bodza lolembedwa m'mbiri ya matenda anu likhoza kusocheretsa dokotala wodzakuthandizani mawa.

Mukabwerera ku miphakati yanu mukakambirane izi: ndi angati mwa ife amene anapemphapo bilu yolongosola? Nanga okalamba ndi osadziwa kuwerenga a m'dera lathu, ndani aziwaperekeza kuchipatala kuti akawawerengere?