NYAMA ZOSUNGA CISANU M'NTHAKA YA KU SIBERIA

Mau amene anakambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi

Lero ndikambako za dziko lakutali la Siberia, kumpoto kwa Russia, kumene nthaka ya pansi inauma gwa ndi cisanu zaka zikwi zambiri zapitazo. M'nthaka imeneyo muli udzu, mizu ndi mafupa a nyama zamakedzana zimene sizinaole, pakuti cisanu cimaletsa cinthu kuola. Tsono popeza dziko likutentha, nthaka ija yayamba kusungunuka, ndipo zinthu zija zikuola. Zikaolera m'matope zimaturutsa mpweya wochedwa methane. Inu mumaudziwa ndithu: mukabaya ndodo m'thope la padambo, thobvu limene limaturuka ndiwo mpweya womwewo. Kuipa kwace nkwakuti umagwira kutentha kwa dzuwa koposa, motero dziko limatenthanso, nthaka yina nisungunuka.

Katswiri wina wa ku Russia, Bambo Sergey Zimov, anaganiza njira yodabwitsa. M'caka ca 1996 anatsegula malo ochedwa Pleistocene Park pafupi ndi tauni ya Chersky, m'mbali mwa mtsinje wa Kolyma, ndipo mwana wace Nikita anadzalowa nchito yomweyo. Iwo anaikamo akavalo, njati ndi mphalapala, ndipo mu 2021 anabweretsanso ngamira.

Mwina mufunsa kuti, "Nanga nyama zingaziziritse bwanji nthaka?" Tamverani. Nyengo yacisanu kumagwa cipale cofewa cimene cimafunda nthaka monga bulangete, ndipo cisanu coopsya ca kunja sicilowa pansi. Koma nyama pofuna msipu zimafukula ndi kupondaponda cipaleco. Bulangete lija likaphwathalala, cisanu cimalowa kwambiri, ndipo nthaka imapirira mpaka nyengo yotentha itatha. Nyamazo zimathyolanso zitsamba, pamalopo nipamera udzu. Ndipo dambo loyera ndi cipale limabweza kuwala kwa dzuwa kuposa nkhalango yakuda.

Ine nzeru imeneyi ndiitama, koma sindikubisirani kukayika kwanga. Mpanda wao ndi kacidutswa cabe ka Siberia, ndipo kuti dziko lonselo lipondedwe pangafunike nyama mamiliyoni, zimene munthu ayenera kuzitenga kutali pa galimoto ndi pa ngalawa, kumene misewu njosowa. Ndiponso njati ndi mphalapala zimabzikula monga ng'ombe zathu, ndipo pogeya zimaturutsa methane yemweyo. Akatswiri akali kutsutsana ngati phindu lingapose cotayikaco.