Msana wa Malume Anga: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku Lokumbukira Matenda a Khansa ku Mangochi

Mwasiya minda mvula ili mkati pa 4 February pano kudzamva za khansa, ndiye sindikuchedwetsani. Anzanga anena kale za khansa ya khomo la chiberekero ndi ya kummero. Ine ndasankha ina imene dzina lake silimveka kuno, koma inanditengera munthu amene anandilera.

Malume anga anali msodzi cha ku Malembo. Atapitirira zaka 60 anayamba kudandaula msana. Tonse tinati ndi nkhafi, munthu wapalasa bwato moyo wake wonse. Kenaka anayamba kufooka, zikhatho zinayera ngati wagwira ufa. Kuchipatala china anawaika pa mankhwala a TB ya msana, anamwa miyezi ingapo mokhulupirika, koma osasintha. Tsiku lina akunyamula dengu la usipa, mkono unangothyoka wokha, osagwa, osamenyedwa. Atawajambula, dokotala anakweza chithunzi cha chigaza pawindo kuti ndione. Munali timabowo tambirimbiri, ngati chimanga chimene anankafumbwe alowamo. Ndi pamene ndinamva koyamba dzina loti multiple myeloma. Impso zinali zitawonongeka kale.

Matendawa amayambira m'mafuta a m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwa. M'menemo muli maselo amene ntchito yawo ndi kupanga asilikali oteteza thupi, amene madokotala amati ma antibody. Selo imodzi ikasokonekera imaswana mopanda malire, n'kupanikiza maselo abwino. Magazi amachepa, mafupa amafumbwa, munthu amadwaladwala chibayo, ndipo zoipa zimene maselowo amatulutsa zimatseka impso. Ku America anapeza kuti anthu akuda amadwala matendawa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi azungu. Choncho tisamati ndi matenda a kunja. Kuno timangowatcha maina ena: nyamakazi, ukalamba, kulodzedwa.

Mu 1975, ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein anapeza njira yopangira ma antibody a mtundu umodzi mu labotale, olunjika pa chinthu chimodzi chokha. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti pochita zimenezi anagwiritsa ntchito maselo a myeloma omwewo, ochokera ku mbewa. Analandira mphoto ya Nobel mu 1984. Panatenga zaka 40 kuti luso limeneli libwerere kudzalimbana ndi myeloma mwini wakeyo.

Mankhwala amene anachokera m'lusoli dzina lawo ndi daratumumab. Kampani ya ku Denmark yotchedwa Genmab ndiyo inawapanga, ndipo mu 2012 inagwirizana ndi kampani ya Janssen kuti awayese pa anthu ambiri. Pa khungu la selo ya myeloma pali chizindikiro chotchedwa CD38, chochuluka kwambiri. Mankhwalawa amakakamira pa chizindikirocho, monga momwe msodzi amamangira choyandama pa ukonde kuti anzake aone pamene pali, ndipo chitetezo cha m'thupi chimabwera kudzapha seloyo. Anayamba kuwayesa pa odwala ochepa amene mankhwala ena onse anali atawakanika. America inawavomereza mu November 2015. Mu 2016 zotsatira za akafukufuku akuluakulu awiri, CASTOR ndi POLLUX, a odwala oposa 1,000 onse pamodzi, zinaonetsa kuti akaphatikizidwa ndi mankhwala akale, matenda amakhala nthawi yaitali asanabwerere. Poyamba wodwala ankagona pa dripi maola ambiri. Kuyambira 2020 kuli jakisoni wa pamimba wa mphindi zosakwana khumi.

Ndisakunamizeni. Mankhwalawa sachiziratu, amangotalikitsa moyo ndi kuchepetsa mavuto. Ali ndi zovuta zawo: wodwala amagwidwa msanga ndi matenda ena, ndipo amasokoneza kuyeza kwa magazi pofuna kumupatsa munthu magazi a wina, motero a ku labotale ayenera kudziwitsidwa. Mtengo wake ndi mamiliyoni ambiri a kwacha, ndipo ine sindinawaonepo m'chipatala cha boma laling'ono. Chinanso chimene chimandipweteka n'chakuti mwa anthu amene anayesedwa, akuda anali ochepa kwambiri, pomwe ndi ife amene matendawa amatikonda.

Mangochi si mlendo pa kafukufuku. Amayi a ku Lungwena akhala akutenga nawo mbali zaka zambiri pa kafukufuku wa kadyedwe ka ana ndi amayi oyembekezera. Mu 2019, Malawi itakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S, boma lino linali m'gulu la maboma oyambirira. Tilinso ndi nthambi ya Kamuzu University of Health Sciences pompano. Ndikupempha akuluakulu a sukuluyi ndi a Unduna wa Zaumoyo kuti tiyambe kulemba m'kaundula odwala myeloma onse amene tikuwapeza. Wopanga mankhwala sabwera kumene kulibe chiwerengero.

Mafumu anga, inu muli ndi gawo. Dokotala akapempha kutenga magazi kapena timafuta ta m'fupa la m'chiuno, kusamveke mphekesera za anamapopa. Popanda kuyeza kumeneko matendawa sadziwika. Ndipo a Malawi Blood Transfusion Service akabwera, achinyamata apereke magazi, chifukwa odwalawa amawafuna kawirikawiri.

Kwa inu ogwira ntchito ku Makanjira, Namwera, Monkey Bay ndi Malindi: munthu wachikulire akabwera ndi msana wosamva mankhwala, wowawa ngakhale atagona usiku, magazi ali ochepa, musamangomubweza ndi panado. Yezani magazi ndi impso, mujambuleni, mutumizeni ku Zomba kapena ku Queens msanga. Mankhwala akale monga melphalan, thalidomide ndi dexamethasone amathandiza akayambidwa impso zisanafe, ndipo morphine alipo woti munthu agone tulo.

Matenti oyezera ali kumbuyo kwanuku, ndipo anamwino akhalapo mpaka madzulo. Ine ndiyamba kukaima pamzere.